Kalata kwa mphwanga: mmene moto wa mu injini unaphunzirira kusunga nthawi

Wokondedwa mphwanga,

Kalata ino ikuyankha funso lako lija lokhudza pikiapu yakale imene ikumalira kuti tche-tche-tche ikafika pachitunda, ikumatentha msanga, ndipo ikatentha ikumavuta kuliza.

Pafupifupi pagalaja iliyonse pamapezeka munthu wa yankho lachangu pa matenda amenewa: kumasula bawuti wa distributor, kuipotokola pang'ono, n'kutchera khutu mpaka kulira kwa injini kukome. Nthawi zina galimoto imachiradi. Koma kawirikawiri matenda amangobisala, n'kudzabwerera patapita masabata angapo atakula. M'kati mwa distributor muli zipangizo zingapo zimene zinalowamo pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo chilichonse chinabwera kudzalanda ntchito imene poyamba inkagwiridwa ndi dzanja la dalaivala. Makaniko wodziwa mbiri imeneyi sathamangira kupotokola. Amayamba wafufuza kuti mwa zipangizozo, chimene chasiya ntchito yake ndi chiti.

Vutoli linabadwira limodzi ndi injini. Mu 1876 Nikolaus Otto wa ku Germany anayambitsa mtundu wa injini imene pisitoni yake imayenda maulendo anayi: kukoka petulo ndi mpweya, kuzipanikiza, kuziyatsa, kenako kutulutsa utsi. Petulo wosakanikirana ndi mpweya saphulika kamodzin'kamodzi. Amayamba kuyaka pakamwa pa pulagi, lawi n'kumafalikira mpaka m'mbali mwa silinda, ndipo ulendo umenewu umatenga pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Mphamvu yaikulu ya lawilo iyenera kupeza pisitoni itangodutsa pamwamba penipeni, crankshaft itapitirira ndi madigiri pafupifupi 15. Wakabaza amazidziwa bwino zimenezi: akaponda pedulo isanafike pamwamba imabwerera m'mbuyo, akaiponda itatsika kale mphamvu yake imapita pachabe. Kuti mphamvu ifike pa nthawi yake, pulagi iyenera kutulutsa moto pisitoni isanafike pamwamba.

Funso n'lakuti moto ufulumire ndi madigiri angati. Injini ikamalira galimoto ili poima, ikuzungulira maulendo 800 pamineti, crankshaft imayenda madigiri 4,800 pasekondi, choncho m'kanthawi kamene lawi likufalikira imasuntha madigiri pafupifupi 10. Ikafika maulendo 3,000 pamineti, madigiriwo ndi 18,000 pasekondi, ndipo m'kanthawi komweko yasuntha madigiri 36. Nthawi yoyenera ya moto ilibe malo amodzi. Imasintha malinga ndi liwiro la injini, katundu amene galimoto yasenza, ngakhalenso mtundu wa petulo. Mbiri yonse ya tayimingi ndi nkhani ya anthu amene ankafunafuna njira yosunthira moto umenewu.

Injini zoyamba za Gottlieb Daimler zinalibe pulagi. Zinali ndi kachubu kachitsulo kolowera m'silinda, kamene kankawotchedwa ndi lawi kunja mpaka kufiira, ndipo petulo ankayaka akakakhudza. Nthawi yake inali yovuta kuilamulira, komanso mphepo inkatha kuzimitsa lawilo panjira. Karl Benz, pagalimoto yake ya mawilo atatu ya 1886, anagwiritsa ntchito batire ndi koyilo, koma mabatire a nthawi imeneyo ankatha msanga ndipo panalibe chowatchaja galimoto ikuyenda. Ku Stuttgart, Robert Bosch anayesa njira ina. Mu 1897 kampani yake inamangirira magneto pa injini ya galimoto, kachipangizo kopanga kokha magetsi injini ikamazungulira, ndipo mu 1902 injiniya wake Gottlob Honold anapanga magneto ya mphamvu yokwanira kulumphitsa moto pakamwa pa pulagi. Moto wodalirika unapezeka. Wousuntha anali akadali munthu.

Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927 ndipo inagulitsidwa yoposa 15 miliyoni, imaonetsa bwino mmene zinthu zinalili. Pansi pa chiwongolero panali tizitsulo tiwiri. Ka kumanja kanali kowonjezera petulo, ka kumanzere kanali ka moto. Dalaivala akakakwezera m'mwamba moto unkachedwa, akakatsitsa unkafulumira. Pamsewu wathyathyathya ankakatsitsa kuti galimoto ithamange, pachitunda injini ikayamba kugogoda ankakabweza pang'ono. Khutu ndi dzanja la dalaivala ndizo zinali tayimingi.

Kuiwala kunali ndi mtengo wake. Galimoto zimenezi zinkalizidwa popukusa chitsulo kutsogolo, ndipo munthu akapukusa moto uli wofulumira, petulo ankayaka pisitoni ikukwera, injini n'kubwerera m'mbuyo, chitsulo chija n'kumenya dzanja. Anthu othyoka pamfundo ya dzanja mwa njira imeneyi anachuluka moti madokotala anapatsa kuthyokako dzina lakelake, chauffeur's fracture. N'chifukwa chake ophunzira kuyendetsa ankauzidwa kuti asamazungulize chala chachikulu pachogwirira. Lero sitata ndiyo imalandira nkhonya imeneyi. Injini yotentha ikamazungulira monyinyirika, n'kuima kaye, n'kuyambanso, pamene batire ili yodzaza, chimene chikuchitika n'chomwecho chimene chinkathyola manja: moto wafulumira kwambiri ndipo ukukankhira pisitoni m'mbuyo.

Munthu amene anakonza zinthu mmene zikuonekera mu pikiapu yakoyo ndi Charles Kettering, injiniya wa ku Dayton m'chigawo cha Ohio ku America, amene poyamba ankagwira ntchito ku National Cash Register. Mu 1909 iye ndi Edward Deeds anayambitsa kampani ya Delco. Galimoto za Cadillac zinayamba kugwiritsa ntchito njira yake yoyatsira moto mu 1910, ndipo mu 1912 zinatuluka ndi sitata yamagetsi. Njira ya Kettering ndi yosavuta kuitsatira. Batire imatumiza magetsi mu koyilo kudzera pa mapoyinti, tizitsulo tiwiri tokhudzana. Shafti ya distributor ili ndi ngodya zofanana ndi chiwerengero cha masilinda, ndipo ngodya iliyonse ikadutsa imakankha mapoyinti kuti atseguke. Magetsi akangoduka, koyilo imatulutsa mphamvu yofika mavoti 20,000 kuchokera pa batire ya mavoti 12, rota imailozetsa ku waya woyenera, pulagi n'kuthetheka. Kondensa imateteza mapoyinti kuti asapse. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: moto umatuluka pa nthawi imene mapoyinti akutseguka. Mu injini ya masilinda anayi yozungulira maulendo 3,000 pamineti, amatseguka ka 100 pasekondi iliyonse.

Kenako anthu anachotsa kachitsulo ka kumanzere kwa chiwongolero kaja, ntchito yake n'kuigawira zipangizo ziwiri. Choyamba ndi tizitsulo tiwiri tolemera tokhala pansi pa mbale ya mapoyinti, togwidwa ndi timasipuling'i. Injini ikathamanga, timatayikira kunja n'kupotokola ngodya zija kuti mapoyinti atseguke msanga. Tizitsulo timeneti timayang'ana liwiro basi. Chachiwiri, chimene chinafala m'zaka za m'ma 1930, ndi kachitini kokhala m'mbali mwa distributor, kolumikizidwa ku kabuleta ndi kapaipi. M'kati mwake muli kachikopa ka labala. Dalaivala akaponda mafuta pang'ono pamsewu wabwino, petulo wolowa m'silinda amakhala wochepa ndipo amayaka mochedwa, choncho kukoka kwa injini kumayamwa kachikopako, mbale ya mapoyinti n'kusuntha, moto n'kufulumira. Akaponda mpaka pansi pachitunda kukokako kumatha, moto n'kubwerera. Kachitinika ndiko kanalowa m'malo mwa khutu la dalaivala wa Model T.

Kulira kwa tche-tche-tche nakonso kuli ndi mbiri yake. Kumachitika pamene petulo wotsalira m'mbali mwa silinda watenthedwa ndi kupanikizidwa mpaka kudziphulikira yekha lawi lisanamupeze. Kuphulikako kumamenya mutu wa pisitoni, kumathyola maling'i, ndipo kukapitirira kumaboola pisitoniyo. Harry Ricardo ku Britain anafufuza kwambiri za kugogodaku, ndipo mu December 1921 Thomas Midgley, amene ankagwira ntchito pansi pa Kettering ku General Motors, anapeza kuti mankhwala okhala ndi mtovu amakuletsa. Petulo wa mtovu anayamba kugulitsidwa ku Dayton mu 1923. Anathetsadi kugogoda, koma utsi wake unali poizoni, makamaka ku ubongo wa ana. Mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya kumugwiritsa ntchito pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza padziko lonse, inasiya mu 2021. Kuno kwathu petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol nayenso amathandiza kuti petulo asamadziphulikire. Zonsezi zikutanthauza kuti petulo wa lero si yemwe analipo pamene buku la galimoto ya m'ma 1970 linkalembedwa. Nambala ya m'buku ndi poyambira pabwino, koma womaliza kuweruza ndi msewu.

Malo nawo amasintha zinthu. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Nchalo ndi Nsanje sizifika ngakhale mamita 100. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, wolowa m'silinda ndi wochepa, choncho injini imapirira moto wofulumira. Galimoto yotcheredwa ndi khutu ku Lilongwe ikhoza kuyenda mwakachetechete chaka chonse, koma ikatsikira ku Chikwawa mu October, n'kusenza matumba, n'kuyamba kukwera kuchokera ku Thabwa kulowera ku Blantyre, iyamba kugogoda popanda wina woikhudza.

Tsopano za kufufuza. Zizindikiro zimagawika pawiri. Moto wofulumira umagogodetsa injini pachitunda ndipo umavutitsa sitata. Moto wochedwa umafooketsa galimoto, umamwetsa mafuta ambiri, ndipo poti petulo amakhala akuyakabe valavu yotulutsa utsi ikutseguka, paipi ya ekizozi imatentha mpaka kufiira ndipo mavalavu amapsa. Kutentha kwa injini kumapezeka mbali zonse ziwiri, choncho pakokha sikuuza munthu kopotokolera. Palinso matenda ena amene amavala nkhope ya tayimingi: mwaye wouma pamutu pa pisitoni, kabuleta yopereka petulo wochepa, mpweya wolowera pagasiketi yong'ambika, lediyeta yotsekeka. Zimenezi ziyenera kuonedwa sipanala isanafike pa distributor.

Pa distributor penipenipo, choyamba ndi mapoyinti. Kachidendene kawo ka pulasitiki kamakhuzika pa ngodya za shafti tsiku lililonse, ndipo kakamatha mpata wa mapoyinti umachepa, amatseguka mochedwa, moto n'kumachedwa pang'onopang'ono mwini galimoto osazindikira. Ichi ndicho chifukwa chofala kwambiri chimene galimoto yakale imatayira tayimingi popanda woigwira. Mpata umayezedwa ndi filageji kachidendene kali pansonga pa ngodya. Pa Volkswagen Beetle ndi mamilimita 0.4, pa Toyota ya injini ya 4K ndi 0.45, ndipo pa injini ya A14 ya Nissan 1400, imene inapangidwa ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, ndi pakati pa 0.45 ndi 0.55. Wokhala ndi mita ya dwell amayeza madigiri amene mapoyinti amakhala otseka, omwe pa injini zambiri za masilinda anayi amakhala pafupifupi 50 mwa 90. Popeza kusintha mpata kumasinthanso tayimingi, mpata uyenera kukonzedwa poyamba. Mapoyinti akakhala akupsa ndi obooka, kondensa isinthidwe limodzi nawo.

Chachiwiri ndi kutsimikiza kuti chizindikiro cha tayimingi cha pa pulley ya crankshaft chikunena zoona. Makaniko amachotsa pulagi ya silinda yoyamba, n'kutseka bowo ndi chala, mnzake n'kumazunguliza injini ndi sipanala mpaka mpweya ukankhe chalacho. Pamenepo pisitoni ikukwera pa ulendo wopanikiza. Ikafika pamwamba penipeni, chizindikiro chiyenera kuloza pa 0, ndipo rota iyenera kuloza ku waya wa silinda yomweyo. Pa pulley zokhala ndi labala pakati, labala akakalamba chitsulo chakunja chimatsetsereka, chizindikiro n'kumanama, ndipo wochikhulupirira amatchera injini molakwika ndi chida chabwinobwino. Rota ikaloza ku silinda yachinayi, ndiye kuti distributor inalowetsedwa chotembenuza, ndipo injini yotero imangotsokomola moto kukabuleta osalira. Distributor imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, n'chifukwa chake kulakwitsaku kumachitika kawirikawiri injini ikangophwasulidwa.

Mawaya a mapulagi ali ndi ndondomeko yawo. Injini zambiri za masilinda anayi, kuphatikizapo za Toyota, Nissan ndi Land Rover yakale ya petulo, zimayaka motsatira 1-3-4-2. Beetle imatsatira 1-4-3-2, pamene injini ya Ford Kent ya mu Cortina ndi Escort imatsatira 1-2-4-3. Pa Peugeot 404 ndi 504, silinda yoyamba imawerengedwa kuchokera kumbuyo, kumbali ya kilatchi. Mawaya awiri akasinthana, injini imanjenjemera ndi kuphulitsa mu ekizozi, ndipo palibe kupotokola kumene kungaichiritse.

Zimenezi zikakhala bwino, ndiye nthawi yotchera yakwana. Njira yakale imangofuna babu la mavoti 12 ndi mawaya awiri. Injini ili chizimire, pulley imaikidwa pa madigiri amene buku likunena, monga 8 pisitoni isanafike pamwamba pa Toyota 4K kapena 7.5 pa ma Beetle ambiri. Waya mmodzi wa babu amagwira mbali ya koyilo yopita ku mapoyinti, winayo pachitsulo cha injini, kiyi n'kutsegulidwa. Distributor imapotokoledwa pang'onopang'ono mosemphana ndi kumene rota imazungulirira, ndipo babu likangoyaka ndiye kuti mapoyinti atseguka, bawuti amangidwe pomwepo. Dzanja lisalemere, chifukwa digiri imodzi pa distributor ndi madigiri awiri pa crankshaft.

Njira inayo ndi tochi ya tayimingi, imene imaphethira nthawi iliyonse pulagi yoyamba ikathetheka, n'kuonetsa chizindikiro cha pa pulley ngati chaima. Chizindikirocho chipakidwe choko kuti chioneke, injini itenthe, ndipo kapaipi ka kachitini kaja kazulidwe n'kutsekedwa ngati buku likutero. Tochiyi imaulula zambiri kuposa nambala imodzi. Injini ikawonjezeredwa mafuta, chizindikiro chiyenera kusuntha mosadumphadumpha mpaka madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono, n'kubwerera mafuta akachepetsedwa. Chikakana kusuntha, tizitsulo tolemera tija tagwidwa ndi dzimbiri. Chikapita osabwerera bwino, sipuling'i yatopa kapena yaduka. Chikamavinavina uku ndi uku injini ikulira mofanana, shafti ya distributor yakhuzika m'mabushi mwake kapena tcheni cha camshaft chakhwepa. Pogwira ntchitoyi malaya ndi mawaya atalikirane ndi fani ndi lamba, ndipo waya wa pulagi asagwidwe ndi dzanja injini ikulira.

Zipangizo ziwiri zija zingayesedwenso popanda tochi. Chivundikiro cha distributor chikachotsedwa, rota ipotokoledwe ndi zala kulowera kumene imazungulirira. Iyenera kusuntha pang'ono n'kubwerera yokha ikasiyidwa. Pansi pa rota, m'ma distributor ambiri, pali kansalu kofuna madontho awiri a oyilo nthawi ya sevisi, ndipo kuiwalika kwa kansalu kameneka ndiko kumaumitsa tizitsulo tija. Kachitini kamayesedwa poyamwa kapaipi kake: mbale ya mapoyinti iyenera kusuntha n'kukhala pomwepo lilime likatseka paipi. Mpweya ukamangodutsa, kachikopa kabooka. Apa ndi pamene kupotokola ndi khutu kumapweteketsa. Tizitsulo tikauma, galimoto imafooka pothamanga, wina n'kufulumizitsa distributor yonse kuti mphamvu ibwerere. Pamsewu waukulu imayendadi bwino, koma pa liwiro lochepa moto wafulumira mopitirira, ndipo pikiapu imagogoda pachitunda, kutentha, ndi kuvutitsa sitata. Zizindikiro zitatu zimene unalemba zija zikugwirizana kwambiri ndi nkhani imeneyi.

Kuyesa komaliza kumachitikira pamsewu. Injini itatentha, galimoto ili mu giya yapamwamba pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, dalaivala aponde mafuta mpaka pansi. Kugogoda kukamveka n'kupitirira, moto ubwezedwe ndi madigiri awiri, ayesenso.

Mapoyinti anayamba kutha m'zaka za m'ma 1970. Chrysler inaika moto wa magetsi wopanda mapoyinti m'galimoto zake zonse za ku America mu 1973, General Motors n'kutsatira mu 1975. Kenako kompyuta inalanda ntchito ya tizitsulo tolemera ndi kachitini, ndipo sensa yomangidwa pa injini inayamba kumvetsera kugogoda n'kubweza moto yokha. Pa Corolla za m'ma 1990 za injini ya 4A-FE distributor ilipobe, koma makaniko asanayeze ayenera kulumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi ka mawaya ofufuzira matenda kuti kompyuta ileke kusuntha moto, kenako n'kutchera pa madigiri 10. Galimoto zambiri zimene zikubwera kuchokera ku Japan masiku ano zilibiretu distributor. Pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake, ndipo palibe bawuti womasula.

Pikiapu yakoyo ikadali ya m'badwo wa Kettering, ndipo zida zake zonse zimakwana m'thumba limodzi. Ugule filageji, mapoyinti ndi kondensa zatsopano, babu ndi choko, ndipo tochi ya tayimingi ubwereke kwa amakaniko ngati ulibe. Uyambe ndi kupotokola rota ndi kuyamwa kapaipi, kenako mpata wa mapoyinti, kenako chizindikiro cha pa pulley. Ukatero undilembere manambala atatu: madigiri a moto injini ikulira poima, madigiri ake pa maulendo 3,000 kapaipi katazulidwa, ndi madigiri ake kapaipi katabwezeredwa. Pakadali pano usaisenzetse katundu wolemera pachitunda.

Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine,
Mkulu wako